Tabuleti ya mainchesi angati? Ndithandizeni achimwene asanapite kushopu

Mayi a Chikondi (Area 25): Muli bwanji nonse pagulu pano. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi funso langa, ndipo yankho ndikulifuna lisanafike Loweruka. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg alonjeza kugulira ana tabuleti, imodzi yokha basi, ndipo andiuza kuti kukula kwake ndisankhe ndekha. Anditumizira zithunzi ziwiri, zonse za Samsung. Ina ndi Galaxy Tab A9 ya mainchesi 8.7, ina ndi Tab A9+ ya mainchesi 11. Yaikuluyo ndi yokwererapo mtengo. Kunyumba kuno oifuna ndi awiri. Chikondi ali Fomu 4, akufuna aziwerengerapo manotsi ndi mapepala akale a mayeso a MANEB amene aphunzitsi awo amatumiza pa WhatsApp. Mlongo wake Dalitso ali Sitandade 2, iye ndi timasewera tophunzirira kuwerenga. Panopa onse amalimbirana foni yanga, ndipo mtsikanayu Chikondi akawerenga nthawi yaitali amadandaula kuti maso akumuwawa. Ine ndimaganiza kuti poti kusiyana kwake ndi mainchesi awiri okha ndi kanthu pang'ono, ndisawalemetse achimwene, nditenge yaing'onoyo. Mukuti bwanji anzanga?

Tiyamike wa ku Mchinji: Tengani yaing'onoyo mayi. Ine ntchito yanga ndi ya kafukufuku m'midzi. Tsiku lonse ndimakhala chilili pakhomo pa munthu, dzanja limodzi lagwira tabuleti, linalo likulemba mayankho pa KoboCollect, pulogalamu yolembera kafukufuku. Ndinayamba nthawi ya kalembera wa mu 2018, pamene tinasiya mafomu a mapepala n'kuyamba kulembera pa matabuleti. Ya mainchesi 8 imalowa m'kachikwama kakang'ono, pa kabaza sindidera nkhawa, m'minibasi ndimangoifungatira. Chaka chatha bungwe lina linatipatsa za mainchesi 10, koma pofika 2 koloko masana dzanja limakhala litatopa mpaka m'phewa. Yaikulu ndi yokongola ili pashopu, koma kunyamula ndi nkhani ina.

Aphunzitsi a Mbewe (Dedza): Mayi, musanasankhe ndikonzeko pamene mwanena kuti kusiyana ndi mainchesi awiri okha. Ambiri amapusitsika pomwepo. Mainchesi amene amalemba pakatoni sayeza mulifupi kapena mulitali. Amayeza mopingasa, kuchokera pangodya ya pansi kumanzere kufika pangodya ya pamwamba kumanja, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Ndawerengera masamu ake. Sikirini ya 8.7 ija ndi pafupifupi masentimita 19 mulitali ndi 11.3 mulifupi. Ya 11 ndi masentimita 23.7 mulitali ndi 14.8 mulifupi. Mukachulukitsa, yoyambayo ili ndi malo a masikweya sentimita pafupifupi 215, yachiwiriyo 350. Ndiye kuti pa yaikuluyo pakhoza kukwana sikirini yaing'onoyo yonse, n'kutsalabe malo oposa theka lake.

Tsono nkhani ili pa Chikondi. Mapepala a mayeso amene timatumiza ndi a PDF, ndipo anakonzedwa kuti asindikizidwe papepala la A4, lomwe ndi masentimita 21 mulifupi ndi 29.7 mulitali. PDF simasintha maonekedwe malinga ndi chipangizo. Tsamba lonse limangofinyidwa kuti likwane. Pafoni wamba, imene mulifupi mwake ndi masentimita osakwana 7, tsambalo limachepa kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, n'chifukwa chake mwanayo amangokhalira kukulitsa ndi zala, kukokera uku, kukokera uko, mpaka maso kuwawa. Pa 8.7 tsamba limaoneka pafupifupi 54 peresenti ya kukula kwake. Pa 11 limaoneka 70 peresenti, ngati pepala la A4 lopinda pakati. Pa 70 mwana amawerenga tsamba lonse osakulitsa. Pa 54 amaona kuti pali mawu, koma manambala ang'onoang'ono a masamu, aja okhala pamwamba pa anzawo, amakhala ngati nyerere.

Tiyamike wa ku Mchinji: Aphunzitsi, nanga akaigoneka chammbali? Mwanena nokha kuti mulitali ndi 19. Pepala ndi 21. Si pafupifupi chimodzimodzi pamenepo?

Aphunzitsi a Mbewe (Dedza): Mwanena zoona asisi, akaigoneka zilembo zimakula bwino ndithu. Vuto ndi loti pamenepo akuona chidutswa cha tsamba chosakwana theka. Pa Chichewa kapena Chingelezi palibe vuto, amangotsitsa pang'onopang'ono. Koma taganizani funso la Bayoloje: chithunzi cha mtima chili pamwamba, mizere yoloza A, B, C, ndipo mafunso ake anayi ali pansi. Kapena galafu ya masamu, kapena mapu a Jogalafe. Mwana amawerenga funso, kukwera kukaona chithunzi, kutsikanso, wayiwala kale chimene anaona. Ndimawaona ana anga m'kalasi akuchita zimenezi pamafoni a makolo awo, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa nthawi imene akanaganizira yankho imathera kusakasaka funso.

Ganizani Wokonza Mafoni (Limbe): Ine ndiyankhula monga munthu amene zinthuzi zimafikira kwa ine zikafa. Mwa matabuleti amene amabwera pabenchi yanga, ambiri vuto lake ndi limodzi: galasi. Ndipo ambiri mwa iwo ndi aakulu. Chifukwa chake n'chosavuta. Galasi lalikulu ndi lopyapyala chimodzimodzi ndi laling'ono, koma latambasuka, ndiye likapanikizika pakati limathetheka. Mwana amaiika m'chikwama pamodzi ndi mabuku, wina m'minibasi n'kutsamira chikwamacho, pofika kunyumba mzere wadutsa kuchokera ngodya ina mpaka ina. Ena amaisiya pampando wina n'kukhalira. Ndipo sikirini ya tabuleti kuno siipezeka msanga ngati ya foni. Nthawi zambiri timachita kuitanitsa kunja, munthu n'kudikira milungu.

Sindikunena kuti musagule yaikulu. Ndikunena kuti kaya musankha iti, muwauze achimwene anu agule kava yolimba ya mphira yokhuthala m'ngodya, ndi galasi lotchingira pamwamba, komweko, tsiku lomwelo. Kuno kupeza kava yokwanira bwino pa mtundu wanuwo ndi mwayi.

Mayi a Chikondi (Area 25): Achimwene a Ganizani, mwandiopsa. Dalitso ndi mwana wosakhazikika, anaswa kale mbale ziwiri mwezi uno.

Madamu Nachisale: Ine ndimaphunzitsa Sitandade 2, ndiye ndimuyankhulireko Dalitso. Sukulu yathu ili m'gulu la zimene zinalandira matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, imene unduna wa maphunziro unayambitsa mu 2023 kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Matabuleti ake ndi aang'ono, timatchajira pa sola, ndipo ana amaphunzirapo kuwerenga ndi masamu m'Chichewa kudzera pa pulogalamu ya bungwe la onebillion. Chimene ndaona n'chakuti mwana wa zaka 7 safuna sikirini yaikulu. Amakhala pamkeka, kuiika pamiyendo, kuigwira m'mbali ndi manja onse awiri. Zithunzi ndi mabatani a mapulogalamu a ana ndi akuluakulu kale. Yaikulu imamulemera, imapendekeka, ndipo akafuna kuimirira ndi pamene imagwa. Akanakhala Dalitso yekha ndikanati 8.7 mosakayika.

Koma mayi, muli ndi ana awiri ndi tabuleti imodzi. Dalitso akhoza kuphunzira pa yaikulu itaikidwa patebulo, wamkulu ali pafupi. Chikondi sangathe kukulitsa yaing'ono. Ndipo amene akulemba MSCE chaka chino ndi Chikondi.

Yamikani: Moni akuluakulu. Ndine wophunzira ku yunivesite, ndipo ndikufuna kuwonjezera pa zimene anena aphunzitsi a Mbewe. Mainchesi okha sakwanira, muzionanso kaumbidwe ka sikirini. Matabuleti ambiri a Android ndi aatali ndi opapatiza, amati 16:10, abwino kuonera mafilimu. Ma iPad ndi onenepa, ambiri amati 4:3. Yanga ndi iPad yakale ya mainchesi 10.2, ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito. Pa nambala ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya 11 ija, koma mulifupi mwake ndi masentimita 15.5, kuposa 14.8 ya Samsung. Ndiye tsamba lonse la PDF limaoneka pafupifupi chimodzimodzi pa yanga, ngakhale pakatoni palembedwa nambala yochepa. Pa 16:10 mukatsegula tsamba la A4 pamatsala mpata pamwamba ndi pansi umene simuugwiritsa ntchito.

Mkangano umenewu ndi wakale. iPad yoyamba inatuluka mu 2010 ndi mainchesi 9.7, ndipo chaka chomwecho Steve Jobs ananyoza poyera matabuleti a mainchesi 7 kuti ndi ochepetsetsa. Koma mu 2012 kampani yake yomweyo inatulutsa iPad mini ya 7.9, kenako mu 2015 inatulutsa iPad Pro ya 12.9. Ngakhale opangawo anaona kuti kukula kumodzi sikungakwanire aliyense.

Bambo a Takondwa: Ine ndingofunsa, bwanji osangogula laputopu yakaunjika? Ndalama zomwezo. Ili ndi kiyibodi, mwana aphunzira kutaipa, akapita ku koleji ipitanso naye.

Ganizani Wokonza Mafoni (Limbe): Bambo, laputopu yakaunjika nthawi zambiri imabwera batire itatopa kale. Magetsi akazima 6 koloko madzulo, mwana awerenga ola limodzi basi yathima. Tabuleti imafika nayo usiku, ndipo imatchajika ndi pawabanki kapena kasola kakang'ono.

Bambo a Takondwa: Batire imagulidwa ina.

Ganizani Wokonza Mafoni (Limbe): Imagulidwa, mukaipeza yeniyeni.

Adimini: Abale, za laputopu titsegulire nkhani yake padera. Mayiwa afunsa za kukula kwa tabuleti ndipo nthawi yawathera.

Agogo a Gama (Zomba): Zikomo a Adimini. Ine ndine wachikulire pagulu pano, zaka 67, ndiye ndinene za maso. Mwana wanga anandigulira tabuleti ya mainchesi 8 kuti ndiziwerengerapo Buku Lopatulika. Pa Baibulo ndilibe dandaulo, chifukwa ndikakulitsa zilembo mawu amadzikonza okha, mzere umatsikira pansi, sindisowa kukokera kumbali. Ndimagona nayo chagada n'kumawerenga Masalimo dzanja osatopa. Koma ku kwaya kwathu amatitumizira nyimbo zolembedwa m'manotsi a d r m f, ena amangojambula pepala ndi foni. Pamenepo ndiye mavuto. Timadontho ndi timizere tija tosonyeza kutalika kwa liwu sindimationa, ndipo nyimbo sungaimbe uku ukukoka tsamba ndi chala. Mnzanga wa tenala ali ndi yaikulu, timaonera limodzi pa yake.

Ndiye mwana wanga, funso si lakuti iti ndi yabwino. Funsani kuti zimene mwanayo aziwerenga ndi za mtundu uti: mawu oyenda okha ngati a Baibulo la pafoni, kapena tsamba louma ngati chithunzi. Mwanena kuti ndi mapepala a mayeso. Amenewo ndi ouma.

Mayi a Chikondi (Area 25): Zikomo kwambiri agogo, mwandifotokozera momveka. Sindinkadziwa kuti pali kusiyana koteroko. Nanga kulemera ndi batire? A Tiyamike anena za dzanja kutopa.

Yamikani: Tab A9 imalemera pafupifupi magalamu 330, A9+ pafupifupi 480. Ndiye yaikuluyo ili ngati theka la paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, musanaikepo kava. Batire ya yaing'ono ndi 5,100 mAh, ya yaikulu ndi 7,040 mAh (mAh ndi muyeso wa moto umene batire imasunga).

Ganizani Wokonza Mafoni (Limbe): Koma musaone nambala ya batire n'kuganiza kuti yaikulu ikhalitsa kwambiri. Chimene chimadya moto kwambiri pa tabuleti ndi sikirini yomweyo. Nyumba yaikulu imafuna mababu ambiri. Mapeto ake zonse ziwiri zimakhala nthawi yosasiyana kwenikweni, koma yaikuluyo imatenga nthawi yaitali kuti idzaze, ndipo pawabanki ya 10,000 mAh ingoidzaza kamodzi basi. Ngati kwanu magetsi amavuta, muziikumbukira kuitchaja akangobwera.

Chinthu china chimene palibe wanena. Kukula kopanda kuwala bwino n'kwachabe. Sikirini imapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, amati mapikiselo. Ya 8.7 ija ili ndi 1340 kwa 800, ya 11 ili ndi 1920 kwa 1200. Apa yaikuluyo yapambana kawiri, chifukwa ndi yaikulu komanso timadontho take ndi tothinana, zilembo zimaoneka zakuthwa. Koma pamsika pali matabuleti ambiri otchipa a mainchesi 10.1 amene ali ndi 1280 kwa 800 yokha. Ndi aakulu inde, koma zilembo zazing'ono zimaoneka ngati zanyowa ndi mvula. Palinso ena opanda dzina lodziwika, pakatoni alemba zinthu zazikulu, ukatsegula mkati n'kupeza zina. Achimwene anu akafika kushopu n'kuuzidwa kuti pali ina ya mainchesi 10 yotchipa kwambiri, afunse kaye nambala imeneyi. Pa mainchesi 10 kapena 11 asalole yochepera 1920 kwa 1200.

Mphatso wa ku Johannesburg: Ndili konkuno, ndiye ndiwonjezere zimene zimatipweteka tikamatumiza katundu kumudzi. Choyamba, mtundu umodzi womwewo umakhala pawiri: ina ya Wi-Fi yokha, ina yolowa simukhadi. Ya Wi-Fi ndi yotchipa, ndiye ambiri amanyamula imeneyo osadziwa, ikafika kumudzi anthu n'kumafunafuna polowetsa layini ya TNM kapena Airtel, palibe. Ikhoza kugwirabe ntchito mukamaigawira intaneti kuchokera pafoni, koma ndiye kuti mayi mukapita kumsika ndi foni yanu, mwana watsala wopanda intaneti. Chachiwiri, mapulagi a kuno ndi a mano ozungulira, a kwathu ndi a mano atatu aafulati aja, ndiye mufunika adaputa kapena tchaja ina. Ndipo ena akugulitsa ndi chingwe chokha, mutu wa tchaja mulibe. Chachitatu, kwa amene akuganiza za iPad monga ya a Yamikani, zatsopano zambiri zilibenso polowetsa simukhadi, zimagwiritsa ntchito eSIM, layini yoikidwa mkati popanda kakhadi, ndiponso palibe iPad yolowa memori khadi. Ma Samsung awiriwa onse amalola memori khadi. Pomaliza, isabwere m'chikwama chachikulu cha pansi pa basi. Apatse munthu wodalirika ainyamule m'manja.

Chifundo K: Nanga za mainchesi 13 kapena 14 zija bwanji? Ndinaona ina ngati TV yaing'ono.

Yamikani: Zilipo asisi. Samsung inatulutsa Tab S8 Ultra ya 14.6 mu 2022, ndipo pepala la A4 mukaliyeza mopingasa ndi mainchesi 14.3, ndiye tsamba limaoneka pafupifupi mmene lilili. Koma imalemera magalamu oposa 700 ndipo mtengo wake ndi wa laputopu yabwino yatsopano. Ndi za ojambula ndi olemba mapulani a nyumba. Ndipo musaganize kuti yaing'ono nthawi zonse ndi yotchipa, iPad mini ya 8.3 ndi yodula kuposa iPad wamba yaikulu.

Tiyamike wa ku Mchinji: Ine sindinasinthebe maganizo. Nonse mukuyankhula ngati mwanayo azikhala patebulo nthawi zonse. Mtsikana wa Fomu 4 amapita kusukulu m'mawa, masana kukawerenga ndi anzake, madzulo kubwerera wapansi kapena paminibasi. Chinthu chachikulu chimaonekera m'chikwama, ndipo akuba amaona. Yaing'ono amaibisa pakati pa makope. Komanso ndalama yotsalayo achimwenewo akhoza kugula kava, memori khadi ndi pawabanki. Yaikulu imene ikhala kunyumba poopa kusweka, ndi yaing'ono imene ayenda nayo paliponse, yothandiza ndi iti?

Aphunzitsi a Mbewe (Dedza): Funso lanu ndi lolemera asisi, ndipo sindilipeputsa. Koma sukulu zambiri za sekondale sizilola ana kubwera ndi mafoni kapena matabuleti m'kalasi, ndiye nthawi yambiri izikhala kunyumba ndithu. Mayi afunse kusukulu ya Chikondi lamulo lake.

Ndili ndi njira yoti tisakangane mpaka Loweruka. Mayi, mawa mutenge pepala limodzi la mayeso akale, makamaka la masamu kapena Bayoloje lokhala ndi chithunzi, mupite nalo kwa ojambula mapepala. Makina a fotokope amatha kuchepetsa. Muwauze akuchepetsereni kawiri, kamodzi pa 70 peresenti, kenako pa 54 peresenti. Mukafika kunyumba mudule makatoni awiri ndi rula, ina masentimita 23.7 kwa 14.8, ina 19 kwa 11.3, mumatepo mapepalawo. Mumupatse Chikondi madzulo, pamalo pamene amawerengera, ndi kuwala kumene amawerengera masiku onse. Ayankhe funso limodzi pa iliyonse. Inu musamuuze kanthu, muzingomuyang'ana kuti akuyandikitsa nkhope yake motani. Kuti muone za kulemera, muthire shuga kapena mchere wokwana theka la paketi m'kajumbo, augwire ndi dzanja limodzi pamodzi ndi katoni yaikuluyo kwa mphindi 10.

Madamu Nachisale: Dalitso naye mumupatse makatoniwo, muone mmene agwirire.

Mayi a Chikondi (Area 25): Ndichita zimenezo mawa m'mawa. Mutu umodzi susenza denga, zikomo nonse.

Agogo a Gama (Zomba): Ndipo kaya mugula iti, mwanayo azipumitsa maso. Pakatha mphindi 20 aziyang'ana kutali kwa kanthawi, ndipo asamawerenge mumdima sikirini yokha ikuwala. Ngati maso apitiriza kuwawa mupite naye akamuyeze, mwina akufunika magalasi.

Mayi a Chikondi (Area 25): Mwaswera bwanji abale. Ndabwera ndi zotsatira. Ndinachita monga ananenera aphunzitsi a Mbewe, ndi pepala la masamu lokhala ndi galafu. Pa katoni yaing'ono Chikondi anayamba bwino, koma atafika pa funso la timanambala ta pamwamba tija anayandikitsa pepala mpaka pafupi ndi mphuno, ndipo 3 anamuwerenga ngati 8. Pa yaikulu anaiika patebulo, kope pambali, n'kuyamba kulemba osainyamula n'komwe. Za shuga zija anatopa asanafike mphindi 10, koma wati iye sawerenga atanyamula, amatsamiritsa ku mabuku. Dalitso anasankha yaing'ono nthawi yomweyo n'kuthawa nayo panja, ndiye a Nachisale ndi a Tiyamike munanena zoona za manja a mwana. Kusukulu ndafunsa, salola kubwera nazo.

Ndawaimbira achimwene. Tagwirizana ya mainchesi 11, yolowa simukhadi. Ati ndalama ya kava ndi galasi lotchingira ndiwonjezere ine, ndavomera. Dalitso aziigwiritsa ntchito patebulo pokha, ine kapena mlongo wake tili pomwepo, ndipo foni yanga ikhala yake ya timasewera Loweruka.

Tiyamike wa ku Mchinji: Poti siizituluka m'nyumba, ndavomera mayi. Koma ine ndi ntchito yanga ya m'midziyi ndikhalabe pa 8.

Mayi a Chikondi (Area 25): A Ganizani, achimwene akufunsa ali mushopu panopa. Pali kava ya mitundu iwiri, ina yopinda ngati buku yotseka kumaso, ina ya mphira yokhuthala yokhala ndi chogwirira. Atenge iti?

Ganizani Wokonza Mafoni (Limbe): Poti pali Dalitso, ya mphira yokhuthala, koma aone kuti kumbuyo ili ndi kamwendo koimikira patebulo. Ndipo galasi lotchingira amuikire komweko asanatuluke mushopu, aone yekha kuti mulibe mpweya pansi pake.